Ndalama za masewero m'sukulu za pulayimale ku England: zimachokera kuti, zimagwira ntchito yanji, nanga zimaonongekera pati?

Makolo ambiri amene ana awo akuphunzira pulayimale ku England sadziwa kuti sukulu imalandira ndalama yapadera ya boma chaka ndi chaka yoti igwire ntchito pa masewero basi. Amene amva za ndalamayi amadabwa kalata ikabwera kunyumba yopempha mapaundi angapo a basi yopita kosambira, kapena a kalabu ya mpira ya poweruka. Funso limakhala limodzi: ngati boma limapereka, ifeyo tikulipiranji? Ena amaisokoneza ndi Pupil Premium, yomwe ndi ndalama ina, yothandizira maphunziro a ana ochokera m'mabanja opeza movutikira.

Ndalama ya masewero imatchedwa PE and Sport Premium. PE ndi chidule cha phunziro lolimbitsa thupi, lomwe lili pa ndandanda ya maphunziro monga masamu ndi Chingerezi. Dongosololi ndi la ku England kokha; Scotland, Wales ndi Northern Ireland amayendetsa okha nkhani za maphunziro. Sukulu zolipiritsa sizilandira nawo.

Chiyambi chake

Boma lisanayambe kupereka ndalama kusukulu iliyonse payokha, masewero a ana ankayendetsedwa ndi magulu a sukulu otchedwa School Sport Partnerships, momwe sekondale imodzi inkagwirizanitsa mapulayimale oizungulira. Mu 2010 nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Michael Gove, idachotsa ndalama zokwana £162 miliyoni pachaka zomwe zinkayendetsa magulu amenewa, ndipo padali kudandaula kwakukulu. Patapita zaka ziwiri mzinda wa London udachititsa masewero a Olympic, ndipo anthu adayamba kufunsa kuti ana a m'dzikomo apindulapo chiyani. Yankho lidabwera mu Marichi 2013, pomwe nduna yaikulu David Cameron idalengeza £150 miliyoni pachaka yopita mwachindunji ku mapulayimale. Ndalamayi idasonkhedwa ndi maunduna atatu: wa zamaphunziro, wa zaumoyo ndi woona za chikhalidwe ndi masewero.

Mu Seputembala 2017 ndalamayi idakwera kufika pa £320 miliyoni pachaka. Boma lidalumikiza kukweraku ndi msonkho wa zakumwa zotsekemera womwe udayamba mu Epulo 2018, wokhoma makampani malinga ndi kuchuluka kwa shuga m'chakumwa. Apa m'pamene pakuonekera cholinga chachiwiri cha ndalamayi, chomwe ndi umoyo. Ana a ku England amayezedwa msinkhu ndi kulemera kawiri ali ku pulayimale. Pomwe akuyamba sukulu, pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amakhala wonenepa kopyola muyezo wa achipatala. Pomaliza pulayimale amakhala oposa mmodzi mwa asanu. Akuluakulu a zaumoyo a m'dzikomo amalangiza kuti mwana azichita zinthu zothamangitsa magazi kwa mphindi 60 patsiku, powerengera sabata yonse, ndipo boma limafuna kuti mphindi 30 mwa zimenezi zizipezeka kusukulu. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa bungwe la Sport England wakhala akuonetsa kuti ana amene amakwanitsa mphindi 60 zija safika theka.

Sukulu imalandira zingati?

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Amawerenga ana a m'makalasi a Year 1 mpaka Year 6, azaka zapakati pa 5 ndi 11, potengera kalembera wa sukulu wa mu Januwale. Ana a kalasi yoyambirira ya Reception salowa m'chiwerengerocho. Sukulu yomwe ili ndi ana 17 kapena kuposa imalandira £16,000, kuphatikizapo £10 pa mwana aliyense. Yomwe ili ndi ana 16 kapena kuchepera imalandira £1,000 pa mwana.

Titenge sukulu ya kalasi imodzi pa chaka chilichonse, ana 30 m'kalasi. Owerengedwa ndi 180, choncho imalandira £17,800. Sukulu yaikulu kawiri, ya ana 360, imalandira £19,600 yokha. Mukagawa pa mwana, yoyambayo ili ndi pafupifupi £99, yachiwiriyo £54, pomwe kasukulu kakumudzi ka ana 40 kali ndi £410 pa mwana. Kusiyanaku kudachitika dala, chifukwa basi yopita kumpikisano kapena maphunziro a mphunzitsi mtengo wake sutsika kamba koti sukulu ndi yaing'ono. Komabe zikutanthauza kuti sukulu zikuluzikulu za m'matauni, komwe mabanja ambiri ochokera kwathu amakhala, zimayenera kuwerengetsa khobidi lililonse. Komanso chiwerengerochi sichidasinthe kuchokera mu 2017 pomwe mitengo ya zinthu yakwera kwambiri, ndiye kuti ndalama yomweyo ikugula zochepa kusiyana ndi kale.

Imabwera magawo awiri. Gawo loyamba limafika kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Lotsalalo limafika cha mu Epulo kapena Meyi. Sukulu zomwe zili pansi pa khonsolo zimalandira kudzera ku khonsolo, pomwe ma academy, sukulu za boma zodziyendetsa zokha, amalandira mwachindunji.

Mawu awiri omwe ndi msana wa lamulo

Malamulo a ndalamayi aima pa mfundo ziwiri. Yoyamba n'njakuti ikhale yowonjezera: isalowe m'malo mwa zomwe sukulu imayenera kuchita kale ndi bajeti yake yanthawi zonse. Yachiwiri n'njakuti zomwe yachita zikhalitse, ana amene adzabwere m'zaka zam'tsogolo adzapindule nazonso. Mwachidule, ndalamayi ili ngati mbewu yosungira dzinja. Mutha kuikazinga n'kudya lero, njala n'kutha tsiku limodzi, koma chaka chamawa nkhokwe idzakhala yopanda kanthu.

Boma lidaika mbali zisanu zomwe sukulu iyenera kuonetsapo kusintha: aphunzitsi onse adziwe ndi kulimba mtima pophunzitsa PE, ana onse azichita zolimbitsa thupi kawirikawiri, masewero alemekezeke m'sukulu yonse ndi kuthandiza khalidwe ndi maphunziro, ana alawe masewero a mitundumitundu, ndiponso ambiri alowe m'mipikisano. Sukulu siyenera kugawa ndalama mofanana pa zisanuzi. Imayenera kuyamba yaona pomwe ikuperewera.

Zoletsedwa zilipo, ndipo n'zimene sukulu zambiri zimapunthwapo. Choyamba ndi kulipira kochi kuti agwire kalasi pa nthawi ya PPA. Imeneyi ndi nthawi yomwe lamulo limapatsa mphunzitsi aliyense, magawo 10 pa 100 a maola ake ophunzitsa, yoti akonzekere maphunziro ndi kuchonga ntchito za ana. Wogwira kalasi pa nthawiyo amayenera kulipidwa kuchokera ku bajeti ya malipiro. Chachiwiri ndi kulipirira maphunziro a PE omwe silabasi ya dziko imalamula kale. Chachitatu ndi zomangamanga ndi katundu wamkulu, monga kumanga bwalo latsopano la kapinga wopanga. Kupentanso mizere pabwalo lomwe lilipo kale n'kololedwa, chifukwa kumeneko n'kukonza chabe, ndipo mipira, zingwe zodumpha ndi mphasa za majimunasitiki zimagulidwa popanda vuto. Kugulira aphunzitsi zovala zamasewero n'koletsedwanso. Ndalama iyenera kutha m'chaka cha sukulu chomwe yaperekedwa, ndipo kulipiriratu ntchito ya chaka chamawa pofuna kuti buku lioneke lotsekeka sikuloledwa.

Apa ndiye pali yankho la funso la makolo lija. Sukulu ya boma singalipiritse phunziro la m'silabasi lochitika m'maola a sukulu, kuphatikizapo kusambira. Ikhoza kupempha chopereka chaufulu, mwachitsanzo cha basi, koma mwana sangasiyidwe chifukwa kholo lake silinapereke. Makalabu a poweruka ndi nkhani ina: sukulu ikhoza kulipiritsa, ndipo ikhozanso kugwiritsa ntchito ndalama ya masewero kutsitsa mtengo kapena kulipirira ana amene sangakwanitse. Zimatengera chisankho cha mphunzitsi wamkulu ndi magavanala, omwe ntchito yawo ikufanana ndi ya komiti ya sukulu.

Nkhani ya makochi

Gawo lalikulu la ndalamayi m'sukulu zambiri limapita kwa makochi ochokera kumakampani a masewero, ndipo pamenepa m'pomwe pamafunika kuganiza mofatsa. Chifukwa chake n'chomveka. Mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa maphunziro onse, ndipo ku koleji ambiri amapatsidwa maola ochepa kwambiri a PE. Kuimika ana 30 m'holo n'kuwaphunzitsa kugubuduka osathyoka khosi si chinthu chamasewera kwa munthu amene sadaphunzitsidwe. Kochi akabwera n'kutenga kalasi, aliyense amapuma.

Koma taonani masamu ake. Tingoyerekeza kuti kampani ikulipiritsa £30 pa ola, ndipo kochi akubwera maola 10 pa sabata kwa masabata 38 a sukulu. Imeneyo ndi £11,400, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama ya sukulu ya ana 180 ija. Ngati pa maola onsewo mphunzitsi amakhala m'kalasi akuchonga mabuku, tsiku lomwe kontirakiti idzathe sukulu idzabwerera pomwe idali, mwinanso kumbuyo, chifukwa aphunzitsi adzakhala atatha zaka osagwira wezulo.

Njira yomwe imasiya kanthu ndi yoti kochi ndi mphunzitsi agwirire limodzi mwadongosolo. Pa mutu wa masabata asanu ndi limodzi, masabata awiri oyamba kochi amatsogolera, mphunzitsi akuonerera ndi kulemba. Awiri otsatira amagawana: mphunzitsi amatsogolera kutenthetsa thupi ndi gawo limodzi la luso, kochi n'kumalizitsa. Awiri omaliza mphunzitsi amaphunzitsa yekha, kochi akuonerera, kenako n'kukambirana kwa mphindi khumi zomwe zayenda ndi zomwe zavuta. Mapulani a phunziro lililonse amatsala pasukulu. Teremu yotsatira kochi amapita kwa mphunzitsi wina, kapena ku mutu wina womwe aphunzitsi amauopa. Kawirikawiri mitu imeneyi ndi majimunasitiki ndi kuvina, osati mpira wamiyendo, womwe pafupifupi sukulu iliyonse imakhala ndi woudziwa.

Kochi wodziwa mpira si ndiye kuti ndi mphunzitsi. Wozolowera kukonzekeretsa timu amakopeka ndi ana aluso, pomwe phunziro la PE ndi la ana onse 30, kuphatikizapo uja amabisala kumbuyo kwa anzake. Sukulu iyenera kuona mapepala a maphunziro ake a ukochi, inshuwalansi, ndi kalata ya DBS, yomwe imatsimikiza mbiri ya munthu pa milandu asanaloledwe kugwira ntchito ndi ana. Wotsogolera PE pasukulupo aziloweranso m'phunziro la kochiyo nthawi ndi nthawi. Chinthu chimodzi chosavuta kuyeza ndi ichi: sankhani mwana mmodzi, muwerenge ndi wotchi mphindi zomwe akuyendadi m'phunziro la ola limodzi. Mukachotsa nthawi yosintha zovala, yomvera malangizo ataliatali ndi yoima pamzere kudikira mpira umodzi, zotsala zimakhumudwitsa. Mankhwala ake si ndalama zambiri ayi. Ndi mipira yokwanira kuti ana awiriawiri akhale ndi wawo, magulu a ana anayi kapena asanu m'malo mwa matimu awiri akuluakulu, ndi kusiya masewero omwe wolakwitsa amatuluka, chifukwa amene amayamba kutuluka ndi yemwe amafunika kuyeserera kwambiri.

Ndalama yotumizira mphunzitsi mmodzi ku maphunziro apadera a PE, monga omwe amavomerezedwa ndi bungwe la Association for Physical Education, imabweza zambiri. Koma aphunzitsi amasamuka. Ngati nzeru zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi, zimakwera naye basi. N'chifukwa chake wobwera kumaphunziro ayenera kupatsidwa nthawi pamsonkhano wa aphunzitsi kuti agawire anzake, ndipo silabasi ya sukuluyo ilembedwe, kuonetsa zomwe mwana aphunzire kuchokera Year 1 mpaka Year 6: kuthamanga, kudumpha, kuponya ndi kuwakha poyamba, malamulo ndi machenjerero a masewero pambuyo.

Kusambira

Kusambira ndi gawo lokhalo la PE lomwe sukulu imakakamizidwa kulengeza zotsatira zake m'manambala. Silabasi imati pomaliza pulayimale mwana azitha zinthu zitatu: kusambira mamita osachepera 25 mosadodoma, kusambira m'njira zingapo monga chafufumimba ndi chagada, ndi kudzipulumutsa akagwera m'madzi. Maphunziro oyambirira a kusambira amalipiridwa ndi bajeti yanthawi zonse. Ndalama ya masewero imaloledwa pa maphunziro owonjezera a ana amene amaliza maphunziro oyambirirawo koma sanafikebe pa muyezo, komanso pophunzitsa aphunzitsi kuphunzitsa kusambira.

Cholakwika chofala n'kuika kusambira ku Year 6. Zikatero, pomwe sukulu ikuzindikira kuti ana khumi sakutha, chaka chimakhala chatha. Sukulu zochenjera zimayamba ku Year 3 kapena Year 4, zimasunga dzina la mwana aliyense ndi pomwe wafika, kenako n'kubwezera kudziwe okhawo otsalira. Zambiri zimapeza kuti kupita tsiku lililonse kwa masabata awiri kumathandiza kuposa kamodzi pa sabata kwa teremu yonse, chifukwa mwana wamantha sayambiranso mantha ake Lolemba lililonse. Mtengo waukulu nthawi zambiri si wa dziwe koma wa basi.

Mabanja ochokera ku Africa nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri. Ziwerengero za Sport England zakhala zikuonetsa kuti ana akuda ku England amasambira mochepa kusiyana ndi anzawo, ndipo n'chifukwa chake mu 2020 kudakhazikitsidwa bungwe la Black Swimming Association, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi Alice Dearing, mayi wachikuda woyamba kusambirira Great Britain pa Olympic. Kwa mwana amene makolo ake sasambira, ndipo alibe ndalama ya maphunziro apadera, phunziro la kusukulu likhoza kukhala mwayi wokhawo. Luso lachitatu lija, lodzipulumutsa, ndi lofunika pa moyo: kudziwa kugona chagada n'kuyandama mpaka mpweya utakhazikika, m'malo molimbana ndi madzi ozizira.

Kufikira amene sabwera okha

Kalabu yatsopano ikatsegulidwa, oyamba kulembetsa amakhala omwe ali kale m'makalabu atatu. Sukulu ikangowerenga mitu, imaona ngati zinthu zikuyenda. Chofunika ndi kaundula woonetsa mwana aliyense ndi zomwe amachita, kuti aoneke amene sapezeka paliponse. Kawirikawiri amakhala atsikana a makalasi akumtunda, ana olumala, ana a m'mabanja osowa, ndi amene amathamangira kunyumba poweruka chifukwa palibe wodzawatenga mochedwa. Ana otere amafikiridwa ndi kalabu ya nthawi ya nkhomaliro kapena ya m'mawa, kuitanidwa ndi dzina, zovala zobwereka zosungidwa pasukulu, ndiponso kuwafunsa eniakewo chomwe angakonde.

Nkhani ya atsikana idakula mu 2022 timu ya amayi ya England itapambana chikho cha mpira wamiyendo cha ku Ulaya. Osewerawo adalembera kalata atsogoleri a ndale, ndipo mu Marichi 2023 boma lidalengeza kuti atsikana ndi anyamata azipatsidwa mwayi wofanana pa masewero a kusukulu, ndi kuti sukulu ziziyesetsa kupereka maola awiri a PE pa sabata. Maola awiriwa ndi chiyembekezo cha boma, si lamulo.

Zina zothandiza sizidya ndalama n'komwe. The Daily Mile, yomwe idayamba mu 2012 pa St Ninian's Primary School ku Stirling, ku Scotland, ndi mphindi 15 zothamanga kapena kuyenda mofulumira panja, ana ali m'yunifolomu. Kuphunzitsa ana a Year 5 ndi Year 6 kutsogolera masewero a ang'onoang'ono pa nthawi yopuma, ndi kuphunzitsa oyang'anira ana pa nkhomaliro, kumasintha ola lomwe limabwera tsiku lililonse. Pa mipikisano, dongosolo la School Games lili ndi wogwirizanitsa m'dera lililonse. Ndalama ya masewero imalipira mayendedwe ndi wogwirizira kalasi ya mphunzitsi amene waperekeza ana. Sukulu yomwe imatumiza timu yachiwiri ndi yachitatu imafikira ana ambiri kuposa yomwe imangotola zikho ndi ana khumi omwewo.

Mtsutso womwe ulipo

Akatswiri sagwirizana pa kapangidwe ka ndalamayi. Ena amati kupereka ndalama m'manja mwa mphunzitsi wamkulu n'kwabwino chifukwa ndiye amadziwa ana ake, bwalo lake ndi dera lake. Ena amati zidagawanitsa mphamvu, sukulu iliyonse n'kumagula yokha kumakampani, pomwe magulu akale aja ankagawana akatswiri ndi mabwalo. Palinso dandaulo lakuti boma limalengeza ndalamayi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina mochedwa, pomwe likufuna kuti sukulu zikonze zinthu zokhalitsa. Mu Juni 2025 boma lidalengeza cholinga chokhazikitsanso magulu a sukulu ogwirizana pa masewero onga akale aja, zomwe zikuonetsa kuti mtsutsowu udakali wamoyo.

Momwe mungawerengere lipoti la sukulu

Sukulu iliyonse yolandira ndalamayi imayenera kuika lipoti pa webusaiti yake pofika pa 31 Julayi, ndipo kuyambira chaka cha 2024/25 imadzazanso fomu ya pa intaneti yopita ku unduna wa zamaphunziro. Lipotilo lionetse ndalama yomwe yalandiridwa, momwe yagwiritsidwira ntchito, kusintha komwe kwaoneka, momwe kusinthako kudzapitirire, ndi maperesenti a ana a Year 6 pa maluso atatu a kusambira. Unduna uli ndi mphamvu yoitanitsa ndalama yomwe yagwiritsidwa ntchito mosemphana ndi malamulo.

Powerenga, yambani ndi mzere wodya ndalama zambiri. Ngati ndi makochi, funsani kuti mphunzitsi wa kalasi amakhala kuti pa nthawiyo, ndipo ndi aphunzitsi angati amene tsopano akuphunzitsa okha mutu womwe chaka chatha sankatha. Pa gawo la kusintha, mawu akuti ana adasangalala sakwanira. Payenera kukhala manambala a poyamba ndi a pomaliza, makamaka a ana amene sankachita kalikonse. Yerekezani maperesenti a kusambira a zaka zitatu zotsatizana, ndipo ngati akutsika, funsani ngati pali maphunziro owonjezera ndi kalasi yomwe amachitikira. Mafunso amenewa mungawapereke kwa mphunzitsi wotsogolera PE, kapena kwa gavanala woimira makolo, amene ali ndi ufulu wowafikitsa pamsonkhano wa magavanala. Nthawi yabwino yofunsa ndi Seputembala kapena Okutobala, pulani ya chaka ikadali kulembedwa ndipo gawo loyamba la ndalama lisanafike.